Batani Lobiriwira la a Lowani

Foni inalira Loweruka m'mawa, Dokotala ali pakati pochapa makatani. Mayiyu sanali dokotala wa anthu ayi. A kumpingo ndi amene anamupatsa dzinali chifukwa ankachiza makompyuta, ndipo linamukakamira moti ngakhale bambo ake omubereka ankamutchula choncho akafuna kumunyogodola.

"Adokotala," anatero bambowo, "bwerani mudzatenge mlonda wanu. Wanditopetsa."

"Mlonda uti, Ababa?"

"Uja munamuika m'kompyuta ya ku ofesi. Ndikati ndilembe kalata, funso. Ndikati ndipume, funso. Ngakhale mayi ako sanandipanikizepo ndi mafunso chonchi zaka zonsezi."

"Ndiye mukumamuyankha chiyani?"

"Ndikumamuyankha mwaulemu."

Atamva yankho limenelo, Dokotala sanadikirenso. Anasiya makatani m'beseni, thovu lili m'mikono, ndi kuthamangira basi.

Bambo akewo anthu ankawatchula kuti a Lowani. Zaka makumi atatu anaima pakhomo la tchalitchi Lamulungu lililonse, akutambasula mikono ndi kunena mawu amodzimodzi kwa aliyense, wovala bwino ndi wausiwa, woledzera ndi wosala kudya: lowani, lowani. Mawondo atayamba kukana, mpingo unawapatsa mpando ndi kuwasandutsa mlembi. Ofesi yawo inali kachipinda kuseri kwa guwa: tebulo, kabati ya mabuku a nyimbo othothoka zikuto, bokosi la timakapu ta mgonero, kalendala ya zaka ziwiri zapitazo imene ankaisunga chifukwa cha chithunzi cha nkhosa, ndi fani yolira kete nthawi iliyonse ikatembenuza khosi. Kuseri kwa khoma kwaya inali pa phunziro, ikubwereza mzere umodzi womwewo chifukwa a besi ankalowa mochedwa.

Dokotala anapereka moni mwachidule. Asanakhale n'komwe anagwada pansi pa tebulo ndi kuzula chingwe cha intaneti.

"Eee! Munthu kulowa m'nyumba ya eni, moni theka, n'kuyamba kuzula zinthu?"

"Ndikufotokozerani, Ababa. Tasunthani pang'ono."

Milungu iwiri m'mbuyomo iye ndi amene anakonza mlondayo, amene anzake pantchito amati fayawolo. Ntchito yake ndi kuima pachipata cha pakati pa kompyuta ndi intaneti. Mwachizolowezi mlondayu amakhala ndi mndandanda wa mapulogalamu odalirika, ndipo amenewo amatuluka osafunsidwa kanthu. Koma opanga mavayirasi anachenjera kalekale. Vayirasi siipitanso yokha pachipata; imagwira pulogalamu yodalirika ndi kuituma, kapena kubisala m'kati mwake, mlonda n'kungoona nkhope yodziwika ikudutsa. N'chifukwa chake Dokotala analowa m'kati mwenimweni mwa makonzedwe ake ndi kutsegula malamulo awiri amene ambiri sawakhudza: loyamba, mlonda azionanso amene watuma pulogalamuyo, lachiwiri, aziona ngati wina wailowetsa zinthu zachilendo m'thupi. Panatsala kusankha chochita mlonda akakayikira: kukana mwakachetechete, kapena kufunsa mwini kompyuta. Iye ankafuna kukana. Koma bambo ake anati, "Usandimange manja mu ofesi yanga," ndipo lamulo lolemekeza atate linapambana nzeru za kusukulu. Anasankha kufunsa, namata kapepala m'mphepete mwa sikirini: Mukaona dzina losalidziwa, kanikizani lofiira.

Kapepalako kanali pomwepo, kosasunthidwa. Anatsegula kaundula mmene mlonda amalemba zonse zochitika pachipata, nayamba kuwerenga ndi chala. Atafika pansi anabwereranso pamwamba, poganiza kuti maso akumunamiza.

"Ababa, wakufunsani maulendo makumi anayi ndi umodzi."

"Wamva tsono? Ndimanama?"

"Ndipo maulendo onsewo mwakanikiza lobiriwira."

"Onse," anatero a Lowani monyadira, ngati munthu amene sanaphonyepo mapemphero a m'mawa.

Dokotala anatseka maso. Anakumbuka kuti kuleza mtima ndi chipatso cha Mzimu, koma anaona kuti pa mtengo wake chinali chisanapse.

"Kapepala aka munakawerenga?"

"Tsiku lililonse. Kakuti dzina losalidziwa. Tsono bokosi likatuluka, dzina lake ndi la pulogalamu ya makalata ija. Zaka zisanu ndi zinayi ndikugwira nayo ntchito. Makalata a maukwati, a maliro, a misonkhano ya amayi, onse wanyamula ndi iyeyo. Lero ndimukanize pakhomo ngati wakuba? Ndatsata zimene unalemba iwe."

"Mzere wachiwiri, Ababa! Pansi pa dzinalo pali mzere wachiwiri!"

"Timalemba tija tonga nyerere? Magalasi anga amafika mzere woyamba basi."

Dokotala anatsegula chithunzi cha limodzi mwa mafunsowo ndi kuchikulitsa mpaka zilembo zinakula ngati za pakhoma la sukulu. Mzere woyamba unali ndi dzina la pulogalamu ya makalata. Wachiwiri unkanena kuti yadzutsidwa ndi pulogalamu ina, ya dzina la zilembo ndi manambala osokonekera, ndipo ikufuna kutumiza katundu ku adiresi yachilendo.

A Lowani anaweramira pafupi, nayesa kulitchula dzinalo, lilime n'kukana.

"Ameneyu ndiye sindikumudziwa," anavomera. "Koma mwina ndi mnzake. Munthu sangakhale ndi mnzake?"

Kuseri kwa khoma a besi analowanso mochedwa. Kunamveka kuwomba m'manja kawiri, kwaya n'kuima, ndipo posachedwa chitseko chinatseguka. Analowa mphunzitsi wa kwaya, bambo wamtali wa thukuta pamphumi, pensulo ili kukhutu.

"A Mlembi, tisindikizireni mapepala ena khumi, a besi akuti sakuona... Aaa, Adokotala! Mwabwera kudzatibaya jakisoni?"

"Mwina inuyo, achimwene. Ndani analowetsa fulashi m'kompyuta muno Lolemba lapitali?"

"Lolemba? Ndine. Ndinabweretsa kapulogalamu kokonzera manoti a nyimbo. Kabwino zedi, kaulere."

"Munakatenga kuti?"

"Anandipatsa mlamu wanga. Iyenso anamupatsa mnzake woimba limba."

"Nanga woimba limbayo?"

"Adokotala, ine ndimaphunzitsa nyimbo, sindilemba mibadwo ya mapulogalamu. Uyu anabala uyu, uyu anabala uyu..."

A Lowani anaseka mpaka kugwira tebulo. Dokotala sanaseke. Anafunsa ngati mlonda sanachenjeze pamene ankaika kapulogalamuko.

"Anatulutsa kabokosi," anatero mphunzitsiyo, "koma a Mlembi anati ameneyo ndi wolongolola chabe, tingomupatsa lobiriwira akhale chete."

"Fulashiyo musailowetsenso pena paliponse. Muibweretse kuno. Ndipo mumuuze mlamu wanu, ndi woimba limba, ndi amene anabala woimba limbayo."

Mphunzitsi anayang'ana a Lowani, a Lowani nayang'ana fani. Kenaka mphunzitsiyo anatuluka chammbuyo, mapepala ake osawatchulanso.

Tsopano Dokotala anayamba kufufuza chimene chinatuluka. Sizinatenge nthawi. Vayirasiyo inali itatolera zolemba za m'kompyuta ndi kuzimanga m'mitolo inayi pamalo obisika. Kaundula anaonetsa kuti mitolo itatu inadutsa pachipata, umodzi Lachitatu, iwiri Lachisanu. Wachinayi unali kudikira batani lobiriwira la lero. Anatsegula mtolo woyamba. Munali makalata a misonkhano, ndondomeko ya olalikira, mndandanda wa osesa m'tchalitchi. Mtima unakhala pansi pang'ono, zimenezo akuba akhoza kuziwerenga mpaka kugona nazo tulo. Koma pansi pake panali mafayilo atatu a mayina a miyezi.

"Izi ndi chiyani, Ababa?"

Nkhope ya a Lowani inasintha. Anavula magalasi.

"Usatsegule. Ndi zopempherera."

Dokotala ankaudziwa mwambo wa bambo ake, koma theka lokha. Anthu potuluka m'tchalitchi ankawapatsa moni wa m'manja, ndipo ena ankasiya m'dzanja lawo kapepala kopindidwa. Zinali zinthu zosanenedwa pa guwa kapena m'gulu: matenda amene munthu sanauze ngakhale abale ake, mwana amene ali m'ndende pamene anthu akudziwa kuti ali kusukulu, mwamuna womenya. A Lowani ankazipempherera okha m'mawa uliwonse asanatsegule ofesi, ndipo timapepalato ankatitentha m'chitini kuseri kwa tchalitchi kuti wina asadzatitole. Zonsezi mpingo unkazidziwa, n'chifukwa chake unkawakhulupirira.

"Ndimayesa mumatentha."

"Ndimatentha. Koma ndisanatenthe ndimayamba ndalemba umu. Mutu wakalamba, mwana wanga. Ndinkasokoneza, wa chifuwa kumupempherera za ukwati."

"Ndi mayina awo?"

"Mulungu amawadziwa mayina, koma ine ndimaiwala."

Dokotala anaimirira, nayenda masitepe atatu amene kachipindako kanalola, nabwerera.

"Mumatentha pepala kuopa munthu mmodzi wosesa, zinsinsi zomwezo n'kuziika m'makina olumikizidwa ku dziko lonse lapansi! Kenaka mlonda akukuchenjezani maulendo makumi anayi ndi umodzi, inu n'kumati wolongolola!"

"Usandikalipire m'nyumba ya Mulungu."

"Sindikukalipa!"

"Kwaya yasiya kuimba. Ikumvera iwe."

Zinali zoona. Anakhala pansi, natsitsa mawu. A Lowani anali akupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi, ndipo anayankhula ngati akudziteteza pamaso pa akulu a mpingo.

"Ine moyo wanga wonse sindinabwezepo munthu pakhomo. Kudzanja langali kulibe batani lofiira. Mwini nyumba ino sabweza munthu, ndiye ine wapakhomo chabe ndikhale ndani?"

Apa Dokotala anakumbuka kanthu, ndipo mkwiyo wake unapeza pogwira.

"Munabwezapo. Ine ndinalipo. Chaka chija ndinali m'kalasi ya ana, kunabwera mayi wina wa chipewa chachikulu, nagwira dzanja kamtsikana ka a sisitala a kuchipatala, akuti amutuma kudzakatenga. Munatani?"

"Ndinaima pakhomo."

"Bwanji? Mwanayo simunkamudziwa?"

"Mwanayo ndinkamudziwa kuyambira ali wakhanda. Amene sindinkamudziwa ndi wogwira dzanjayo. Anandinyoza mayi uja! Koma ndinati, kulowa ndi kwa aliyense, kutuluka ndi mwana wa eni ayi, mpaka mayi wake abwere."

"Ndi funso lomwelo limene mlondayu wakhala akukufunsani. Sankafunsa za wolowa. Ankati: mwana uyu mukumudziwa, koma taonani amene wamugwira dzanja, akutuluka naye. Ndimulole?"

Fani inatembenuka, kete, inabwerera, kete. A Lowani anavala magalasi, nayang'ananso mzere wachiwiri uja, ngakhale sunasinthe.

"Ndipo ine ndinati tulukani."

"Maulendo makumi anayi ndi umodzi."

"Wanena kale chiwerengerocho. Sichikuchepa ukamachibwereza." Kenaka anafunsa: "Akubawo adzatani nazo?"

"Sindikudziwa, Ababa, ndipo sindikunamizani. Kawirikawiri amafuna zina, izi mwina sadzaziwerenga n'komwe. Koma mwina adzawerenga. Muli mayina, ndipo manambala a foni a mpingo wonse anapita mumtolo womwewo. Akhoza kumulembera munthu kuti tikudziwa zakuti, ukapanda kutimvera tiulula. Munthu wosachenjezedwa akhoza kuchita mantha n'kuchita chopusa."

"Sungazibweze?"

"Zimene zatuluka zatuluka. Ndingathe kutseka kuti zina zisatuluke. Koma eni ake ayenera kuuzidwa, aliyense payekha. Ndiyenera kutsegula kuti tione ndi angati."

"Ndiwerenga ndekha."

"Magalasi anu amafika mzere woyamba basi. Ndingowerenga mayina, zinazo sindiyang'ana."

Anaphimba mbali ya kumanja ya sikirini ndi buku la nyimbo, nayamba kulemba mayina papepala. Anali anthu amene ankakhala nawo pa benchi imodzi, ena oseka kwambiri pa onse. Mwezi woyamba, asanu ndi atatu. Wachiwiri, asanu ndi awiri. Mwezi wachitatu, atafika pa dzina lachisanu ndi chimodzi, cholembera chinaima. Linali dzina lake, lenileni, la ubatizo, limene bambo ake okha ndi amene ankalitchulabe.

Iye sanaperekepo kapepala. Buku la nyimbo lija linatsetsereka m'dzanja lake, ndipo anawerenga: Mwana wanga. Mwamuna wake anachoka pakhomo. Sananene. Ambuye, mumugwire dzanja, ndipo mundigwire pakamwa mpaka adzanene yekha.

Miyezi itatu anali atabisa. Ankabwera kutchalitchi atavala mphete, akuti bambo a kunyumba ali pa ulendo wa ntchito. Makatani amene anasiya m'beseni ankawachapa kachitatu mwezi womwewo, chifukwa Loweruka linkatalika.

"Anakuuzani ndani?"

"Palibe."

"Ababa."

"Nsapato. Ndinabwera kwanu kudzabwereka makwerero, ndinapeza pakhomo pali nsapato zako zokha. Ndinabweranso kudzabweza, chimodzimodzi. Munthu wa pa ulendo satenga ndi nsapato za m'bafa zomwe. Zaka makumi atatu pakhomo, mwana wanga, ndimayamba kuona mapazi."

Dokotala anafuna kukwiya, ndipo zifukwa zinalipo zokwanira: chinsinsi chake chinali m'manja mwa akuba osadziwika, ndipo amene anachipereka ndi bambo ake, ndi chala chawo, mwaulemu. Anatsegula pakamwa, koma mawu amene anatuluka sanali amene anawakonza.

"Mzere wachiwiri wa pakompyuta simuuona, koma nsapato za m'bafa mumaziona."

"Nsapato ndi zazikulu."

Dokotala anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi, imene anaipukuta msanga ndi mkono wonunkhirabe sopo. A Lowani sanamukhudze. Anangokankhira pafupi naye kampango kawo ka m'thumba, kopindidwa pa kanayi.

"Ndakulakwira," anatero. "Ndiyambire pa iwe, poti uli pompano. Zimene ndinasunga zakhudza iwe, ndazitaya. Wina akakulembera zoopseza, usachite mantha, ubwere kuno."

"Imeneyo ndi ntchito yanga kukuuzani inuyo."

"Ndikuyeserera. Atsala makumi awiri ndi awiri."

"Inenso ndinalakwa. Kapepala kaja ndinalemba theka. Ndipo sindinayenera kukusiyirani funso limene ndinkadziwa yankho lanu."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa linapendeka. Anachotsa vayirasi ndi kapulogalamu ka manoti komwe, anasintha mawu achinsinsi a imelo ya mpingo, nasamutsira zopempherera zonse pa fulashi yatsopano yokhoma, kuti zisakhalenso m'makina okhudza intaneti. A Lowani anaiika m'bokosi la timakapu ta mgonero. Kenaka Dokotala anatsegulanso makonzedwe a mlonda, nafika pa malo aja osankha.

"Apa ndi paja tinakangana. Kufunsa, kapena kukana osafunsa. Ndikasankha kukana, tsiku lina adzakaniza ndi chinthu chabwino chomwe, ndipo mudzayenera kundiimbira foni ndi kudikira."

"Ndidzadandaula."

"Ndikudziwa."

"Ndidzakutchula mayina pafoni."

"Ndinazolowera."

"Sankha kukana. Ndipo pali njira yoti ndisathe kusintha?"

"Ndikhoza kukhoma ndi mawu achinsinsi. Ndikulemberani papepala, musunge m'kabati."

"Ayi. Usandiuze. Akadzabwera mphunzitsi wa kwaya ndi nkhope yachisoni, a besi akudikira, ndidzatsegula kabatiyo. Ndikudzidziwa. Manja awa analengedwa otambasula. Pachipata ichi paime wina wouma mtima."

Anatembenukira kukhoma, nayang'ana nkhosa za pa kalendala, Dokotala akulemba mawuwo. Atamaliza analumikiza chingwe. Anadikira mphindi zingapo. Palibe bokosi limene linatuluka.

"Wakhala chete," anatero a Lowani mokayikira. "Ali moyo?"

"Ali moyo. Wangosiya kukufunsani maganizo."

"Ngati mayi ako."

Anatenga pepala la mayina, nalipinda, naliika m'thumba la m'kati mwa jekete. Anati ayamba lero lomwe, chifukwa mawa anthuwo adzawapatsa moni wa m'manja pakhomo, ndipo sangalandire dzanja la munthu asanamuuze. Foni anaikana, nkhani yotere, anati, imanenedwa munthu ukumuona m'maso. Nyumba yoyamba inali kutsidya kwa msika, pamwamba pa masitepe makumi atatu, ndipo mawondo awo Dokotala ankawadziwa.

"Ndikuperekezani. Ndizikadikira panja."

"Nanga makatani ako?"

"Ndinakuuzani liti za makatani?"

"Thovu laumira m'chigongono."

Dokotala anapukusa mutu, natenga ndodo yawo kuseri kwa chitseko ndi kuwapatsa. Ali pakhomo anakumana ndi mphunzitsi wa kwaya, fulashi ili m'manja, ataigwira ndi nsonga za zala ngati khoswe wakufa.

"Ndabweretsa, Adokotala. Koma ndimati, poti manoti a mawa ali momwemu, mwina tingoilowetsa kamphindi kamodzi kokha..."

A Lowani anatsegula pakamwa, mkono utayamba kale kutambasuka. Dokotala anawayang'ana. Mkonowo unaima m'malere, unatsika pang'onopang'ono, n'kukagwira ndodo.

"Funsani Adokotala," anatero. "Ine makiyi anandilanda."